Mtengo Umene Ndinadula Lachinayi

Abambo anga ali moyo, ntchito yokonzekera mvula kwathu ku Chelstone, mu Lusaka, inali yawo. Okutobala akafika ankakwera padenga ndi hamala kukhomerera misomali yozuka, n'kufukula ngalande ya kutsogolo kwa geti, kenako n'kudulira nthambi za mtengo wa mapeyala umene anadzala kuseri kwa chipinda chawo chogona. Atamwalira tinakawaika kumudzi ku Katete monga ankafunira, ndipo ntchitoyo inagwera ine, mwana wawo wamkazi woyamba. Padenga ndinkakwera ndithu, koma mtengowo amayi sankalola kuti munthu aukhudze.

Patapita zaka unapendekera padenga, pamwamba penipeni pa bedi la amayi. Tsiku lina ndinaugogoda ndi mpini wa khasu, unalira ngati ng'oma. Chiswe chinali chitaudya m'kati. Pawailesi ankakamba za namondwe amene ankasakaza m'maiko oyandikana nafe, ndipo ngakhale ife tili kutali ndi nyanja, mphepo ya mvula yoyamba ya ku Lusaka ndimaidziwa. Imasasula madenga dzuwa likuswa mtengo. Ndinkaopa kuti tsiku lina tidzawafukula amayi pansi pa malata.

Ndinawauza kuti mtengo udulidwe, anakana. Ndinati ndiye asamukire m'chipinda cha kutsogolo, anakananso. Ine ndine wa mtima wapachala, choncho ndinalalata mpaka aneba anasuzumira pampanda. Amayi anangopitiriza kusankha nyemba atakhala pa kampando kawo patsinde pa mtengo womwewo. Ndinanena zambiri tsiku limenelo, koma sindinawafunse chifukwa chake ankakana.

Ndinadikira Lachinayi, tsiku limene ankavala yunifolomu yawo kupita ku msonkhano wa amayi kutchalitchi. Atangokhota pakona, ndinaitana amuna awiri a makina odulira mitengo. Thunthu litagwa, wamkuluyo analowetsa mkono wonse m'mphako n'kundiyang'ana.

"Ba sisita, mwachita bwino. Ichi chimtengo chinaola kudala, sembe chapaya munthu."

Nditamva kuti ukanapha munthu, mtima unakhala pansi. Ndinasesa utuchi n'kuwapatsa nkhuni zonse kuti pasatsale kanthu.

Amayi pobwera anaima pachitsapo chikwama chili m'manja. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Kenako anati:

"Mwanawe, ku Katete n'kutali, miyendo yanga siifikako. Atate ako ndinali kukamba nawo pano."

Patapita milungu itatu mphepo ija inabweradi, chakumasana. Inayamba ndi fumbi lofiira, kenako matalala, kenako mvula yochita kugwa chopingasa. Mtengo wa aneba unagwera pakhitchini pawo n'kuphwanya denga lonse, mwamwayi munalibe munthu. Kwathu silinasunthe ngakhale lata limodzi. Ndinathamanga kukawauza amayi, ndipo ndisaname, ndinkafuna anene kuti ndinachita bwino. Anamvetsera, n'kufunsa ngati ana a anebawo ali bwino. Nditati ali bwino, anagwedeza mutu, nkhani n'kuthera pomwepo.

Mpaka lero ndimakhulupirira kuti mtengo uja unayenera kudulidwa, ndipo aliyense amene mtengo wapendekera nyumba yake ndimamuuza kuti asadikire mitambo. Chimene chimandiwawa n'chakuti ndinaudula mwakuba. Ndikanawafunsa, bwenzi atatsanzikana nawo, mwinanso bwenzi titadzala nthangala yake pakona ya mpanda, kutali ndi denga. Ine ndinapereka zonse kwa amuna aja, ndi nthambi zomwe.

Amayi anakhalanso nafe zaka zingapo, akugona pabedi lomwe lija bwinobwino. Masana aliwonse ankanyamula kampando kawo n'kukakhala pachitsa paja, padzuwa lowotcha, popanda mthunzi ndi pang'ono pomwe. Ndinawagulira ambulera kutauni. Anathokoza, n'kuipinda bwino, n'kuiyedzamiritsa pachitsacho.