Tsiku Limene Ndinagwetsa Machila

Makolo anga atawoloka Muloza kuthawa Apwitikizi, ine ndinali mnyamata wa mapewa otambalala, ndiye kapitawo wa pa esiteti ya tiyi sanachedwe kundiika m'gulu lonyamula machila a mzungu. Anangoona mapewa. Akanafunsa mayi anga, akanamva kuti tulo timandigwira dzuwa lili paliwombo ngakhale ndili chiimire, ndiponso kuti ndikaseka kwambiri maondo amalobodoka ngati luzi lonyowa.

Masiku oyamba ndinapirira. Ndinkadziluma lilime, ndinkaimba mokweza kuposa anzanga onse, mpaka mzungu anati ndine wakhama.

Tsiku lina tikupita naye ku Nkando, ine ndinagwira kumbuyo. Mnzanga wa kutsogolo anayambitsa nyimbo m'Chilomwe yonena za mimba ya bwana, kuti m'kati mwake muli mbuzi yathunthu ndi chingwe chake chomwe. Bwana sankamva Chilomwe, ankangogwedeza phazi motsatira nyimbo. Phazi lija ndi limene linandimaliza. Ndinaseka, maondo anatha mphamvu, mtengo wa machila unachoka paphewa. Bwana anatsetsereka chamutu kulowa m'matope, ine ndili gone pambali pake, ndikumva zonse koma osatha kugwedeza ndi chala chomwe.

Sanandimenye. Anandiyang'anitsitsa, kenaka anaima patali. Zaka zimenezo azungu ankaopa nthenda ya kaodzera, choncho anandipereka kwa dokotala wa ku mishoni.

Dokotala anandipapasa m'khosi, natenga magazi pachala, koma za kaodzera sanazipeze. Analankhula nthawi yaitali akuloza pakati pa maso anga. Womasulira, mkulu wina wachiyao, anafupikitsa.

"Akuti akuganiza kuti m'kati mwa mutu muli kanthu koimbira thupi ng'oma, ina yogonera, ina yodzukira. Kanu kamasakaniza maimbidwe."

"Nanga mankhwala ake, bambo?"

Anafunsa kwa dokotala, nabwezanso kwa ine.

"Akuti usamaseke."

Ndinayesadi. Ndinkayenda nkhope ili ndwii, anthu nkumandipepesa poyesa kuti kwathu kwagwa maliro. Sizinapite patali.

Kapitawo anandichotsa pa machila nandipatsa khasu. "Ndi ili, ukagwa uzigwa wekha," anatero. Ndinalima m'mizere ya tiyi zaka zambiri, nthawi zina nkudzidzimuka nditatsamira mpini, anzanga atafika kale kumapeto kwa ndime.

Mkazi amene ndinakwatira ku Milonde anandizolowera msanga. Akabwera kuchitsime milomo ikunjenjemera ndi nkhani, ankayamba wandilanda chimene ndagwira m'manja.

"Khalani pansi kaye, bambo," ankatero, "ndikuuzeni zimene achita amalume anu lero."