Beseni la m'Nyumba Yachitsanzo

Ofesi yoona za nyumba zotsika mtengo ikudziwitsa anthu onse kuti kuyambira mwezi uno nyumba yachitsanzo ya m'dera lathu sikhalanso yobiriwira. Ikhala yabuluu. Chidziwitsochi chinamatidwa pakhoma la golosale, chidindo chili pansi pake, ndipo chifukwa chake chinali chomveka: abwenzi akale a chitukukochi ankakonda zobiriwira, koma atsopanowa chizindikiro chawo n'chabuluu. Za denga sichinanene kanthu.

M'nyumbamo mumakhala mayi wina wamasiye, wosoka zovala, amene dzina lawo lenileni anthu analiiwala kalekale. Onse amangoti a Chitsanzo. Kusoka anaphunzirira pakhonde la sitolo ali mtsikana, ndipo ana awo anawalera m'chipinda chimodzi cha lendi, chimene katani yakale inkachigawa pakati kuti kukhale kuchipinda ndi pabalaza. A ofesi atabwera ndi nkhani yakuti anthu adzimangire okha nyumba ndi dothi la kwawo komwe, njerwa zosawotcha kuti mitengo ipume, matailosi a denga oumba pomwepo, mayiwa anali oyamba kukwinya chovala n'kulowa m'matope. Pachithunzi chimene a ofesi anabwera nacho panali nyumba zambirimbiri m'mizere yowongoka, ndi timitengo tamthunzi pakhomo lililonse. Pansi panamangidwa imodzi. Anachita mayere, nyumba inagwera iwo, ndipo anavina mpaka nsapato kuduka.

Lamulo linali limodzi lokha: nyumba yachitsanzo siisinthidwa. Osakhoma msomali, osamata, osawonjezera khonde. Wophwanya lamulo atuluke, alowe wina.

Denga linayamba kudontha ndi mvula yoyamba. Ndipo linasankha malo mwanzeru: pazenera penipeni, pamalo okhawo m'nyumba yonse pamene kuwala kumakwanira kulowetsa ulusi pasingano. Makina akakhala pamenepo, amanyowa. Akawakokera pakona, maso saona msoko. Tsiku lina madzi ofiira a padenga anadetsa nsalu yoyera ya kasitomala, ndipo kasitomalayo analankhula mawu amene sitingawalembe pano. Kenako dzimbiri linayamba kuoneka pagudumu la makina, makina omwewo amene anaphunzitsa ana sukulu.

Woyang'anira ntchitoyi ndi bambo waulemu, wa tayi ngakhale kutenthe chotani, amene anthu anamupatsa dzina loti a Posachedwapa.

"Bwana, denga lija," a Chitsanzo ankatero akamupeza.

"Amayi, nkhani imeneyo ili m'manja abwino. Posachedwapa."

"Manja abwinowo akwereko pamwambapo, bwana. Makina anga akutha."

"Tikudikira komiti ikhale pansi."

"Ikhale pansi kwathu kuno, pazenera. Ndiipatsa mpando."

Bwanayo ankaseka, chifukwa anaphunzitsidwa kuti anthu a m'dera ayenera kumvedwa.

Mlamu wawo wa mayiwa ndi mmisiri womanga, ndipo nkhaniyi inkamuwawa ngati dzino.

"Alamu, tailosi yosweka ndi imodzi yokha. Ndibwereke makwerero, tiyi asanazizire ndatsika."

"Iii, alamu, mukufuna ndikagone pakhonde panu ndi katundu yense? Bwana uja amayendera ngakhale misomali."

"Ndiye muzisoka mutagwira ambulera."

"Ndi dzanja liti? Lachitatu?"

Ntchito ina ya a Chitsanzo, imene sanaifunsire, ndi yolandira alendo. Kukamabwera alendo, galimoto ya ofesi imatsogola ndi sofa, kapeti ndi maluwa apulasitiki. Zovala zapachingwe zimaanulidwa zisanaume, mbaula imabisidwa kuseri, zidutswa za nsalu zimalowa pansi pa bedi. Alendo akachoka, sofa imachokanso, ndipo mayiwa amatsala ndi tsiku lathunthu lopanda msoko ndi umodzi womwe.

Tsono abwenzi atsopano aja atati abwera kudzaona nyumba yawo yabuluu, kumwamba kunali kutada bii. A Chitsanzo anayang'ana mitambo, nayang'ana beseni lawo lalikulu limene ankatchera pansi pa podontha, ndipo anaganiza mofatsa. Kuofesi anali atapita mpaka mlonda kuwazolowera. Anati lero alendo adzionere okha.

"Beseni ili lichoke, amayi," anatero a Posachedwapa akuyala kapeti.

"Lichoka, bwana."

Silinachoke. Analikankhira pakati, pamalo oonekera bwino, pafupi ndi maluwa.

Alendo atangolowa, mvula inayamba. Bwana anali pakati pa mawu onena za njerwa zosawotcha pamene dontho loyamba linagwa. Tho. Kenako tho, tho, tho. M'beseni lachitsulo dontho limamveka ngati belu. Mkulu wa alendo, mayi wamagalasi, anayang'ana kudenga, nayang'ana pansi.

"Ichi n'chiyani?"

Thukuta linatuluka pamphumi pa a Posachedwapa, ndipo a Chitsanzo anamva mtima wawo ukuvina. Koma munthu sakhala muofesi zaka zonsezi pachabe.

"Uku, alendo athu olemekezeka, ndi kukolola madzi a mvula. Mayiwa savutika kupita kumpopi. Madzi amawapeza m'nyumba momwe muno, aulere, ochokera kumwamba."

Manja anawombedwa. Mafoni anatuluka m'matumba. Wina anagwada kuti ajambule dontho lili m'malere. Mayi wamagalasi uja anatembenukira kwa mwini nyumba mokoma mtima.

"Kodi zimakuthandizani, mayi?"

A Chitsanzo anatsegula pakamwa. Kumbuyo kwa alendo, bwana anali atatulutsa makiyi apadera a nyumbayo, akuwaseweretsa pachala ngati munthu wosaganiza kanthu. Mayiwa anakumbukira katani ija ya m'chipinda cha lendi.

"Beseni silichedwa kudzaza," anayankha. Ndipo sananame.

M'mawa mwake anali kale pakhomo la ofesi, mpango uli m'chiuno.

"Bwana, masewera aja atha. Denga."

"Amayi, amayi. Mukufuna tiwononge chinthu chimene alendo achikonda koposa zonse? Pano chalowa m'ndondomeko. Ndi mbali ya chitsanzo."

"Kudontha?"

"Kukolola. Ndipo m'nyumba zonse zimene zimangidwe tidzaika mapaipi ndi thanki yeniyeni. Inunso mudzapindula."

"Liti?"

Yankho lake mukulidziwa.

Madzulo ake mlamu uja anabwera ndi wilibala. Anamanga makina ndi chingwe, nawafunditsa pulasitiki, ndipo awiriwo anakankha mpaka pakhonde la sitolo pamene a Chitsanzo anaphunzirira kusoka ali mtsikana.

"Mwabwerera kumene munayambira, alamu."

"Kankhani, musandiyankhulitse pambali."

Kumeneko ndi kumene amasokera masiku ano, mphepo ikuulutsa nsalu, odutsa akuwafunsa ngati nyumba ija anawalanda. Sanawalande. Amagona momwemo, ndipo kukamabwera alendo amaitanidwa kudzaima pafupi ndi zenera. Pamalo pamene panayenera kukhala nyumba zina zija anthu adzalapo masamba.

Beseni nalonso linapakidwa penti yabuluu, ndipo sililoledwa kusunthidwa. Ndi lomwe a Chitsanzo ankasambira. Pano amabwereka la aneba.