Mikono ya Zebedee

Zebedee Msowoya anabadwira ku Wovwe m'banja lolima mpunga, koma khasu silinamukonde ndipo iyenso sanalikakamire. Atangomera ndevu anapita ku Chilumba kukanyamula katundu padoko, ndipo n'kumene ine ndinamudziwira. Tinasenza limodzi simenti, feteleza ndi mchere kwa zaka khumi ndi zinayi. Sitima ikakocheza, enafe tinkayamba taliyang'ana thumba ngati litimvera chisoni. Iye ankangoliponya paphewa n'kumapita akuimba nyimbo yakwaya, mawu ake akulakwitsa monga mwa nthawi zonse.

Anakwatira mochedwa. Mkazi wake Yunike anapita padera kawiri, kenako Mulungu anawapatsa mwana wamkazi, Keziya, mmodzi yekhayo. Chimunthu chonse chija chikamunyamula mwanayo chinkayenda monyang'ama ngati chasenza mazira. Ife tinkamuseka, iye osatiyankha.

Chaka cha 1988 mavuto anabwera mogwirana manja. Chinangwa chinagwidwa ndi tizilombo, anthu n'kumagona ndi phala lamadzimadzi. Keziya, amene anali atangosiya kuyamwa, anayamba kutupa mapazi ndi masaya, tsitsi n'kufiira. Pa kachipatala kena kakufupi ankagawa mkaka waufa kwa ana otupikana, ndipo Yunike ankapita Lachiwiri lililonse. Mwanayo anayamba kuphwa, mpaka kumasekanso. Koma chaka chomwecho thupi la Zebedee linayamba kumukana. Mimba inatuluka, mikono inafota, ndipo kapitawo wathu, yemwe ankasankha aganyu ndi maso m'mawa uliwonse, anamudumpha kawiri sabata imodzi. Zebedee anachita mantha. Ankadziwa kuti iye akakhala pansi, mwana uja sachira.

Apa m'pamene analowerera Manase. Awiriwa anakulira limodzi, anabatizidwa tsiku limodzi, ndipo pa ukwati wa Zebedee mboni anali Manase yemweyo. Chinali chibwenzi cha ponda apa nane ndipondepo. Manase ankasunga makiyi a chipinda cha katundu pa kachipatala kaja, analinso mlembi wa chipani m'dera lathu, ndipo m'thumba mwake simunkasowa magazini yakale yachingerezi.

Tsiku lina masana anabwera padoko n'kumukokera Zebedee kuseri kwa shedi. Ine ndinali pomwepo ndikusoka thumba lobooka. Anatsegula magazini n'kuonetsa chithunzi cha mzungu wa minofu ngati mawungu.

"Munyane, ukuona uyu? Si nsima iyi. Ni dawa, mankhwala, dzina lake lusini. Ukamwa, imadzutsa nyama ya m'thupi kuti iyambe kumanga, mafuta a pamimba n'kumasungunuka. Ndili nayo, yadutsa pa Songwe kuchokera ku Tanzania."

"Nadi?" anafunsa Zebedee, maso ali pachithunzi.

"Nadi. Kweni ni ya magendo, yozembetsa. Ukauza munthu, olo mkazi wako anyaKaonga kunyumba, a Yufi a chipani akamva tonse tikagona m'chitolokosi. Uzimwera konkuno."

Masiku amenewo mawu oti Tanzania ankanenedwa motsitsa, munthu atayang'ana kaye kumbuyo. Zebedee analumbira kuti satsegula pakamwa. Ndalama Manase anakana, ati mbale sagulitsidwa mankhwala. Anangopempha kuti Zebedee azimupatsako nsomba zomwe asodzi ankamuninkha akawathandiza kukoka khoka. Zinali nsomba zomwe kale zinkapita kunyumba.

Ufa wa dawayo unali wotuwira, wonyerenyetsa pakhosi, ndipo unkabwera m'chitini chopanda dzina. Zebedee ankausungunula m'kapu yamalata kawiri patsiku. Tsono popeza Manase anamuuza kuti dawa imafuna ntchito, pa nthawi yopuma ankanyamula chitsulo cha galimoto yakufa mpaka thukuta kamukamu. Ndisaname, zinagwira. Patatha miyezi iwiri mapewa anabwerera, lamba anamuboola bowo latsopano, ndipo kapitawo ankayamba kuloza iye. Zebedee ankafinya mkono n'kumatiuza kuti tigwire. Nanenso ndinagwira, ndinasirira, ndipo ndikakumbuka ndimadzida.

Miyezi yomweyo Yunike ankabwerako chimanjamanja kuchipatala. Lachiwiri ili mkaka wachepa, Lachiwiri linalo watheratu, galimoto sinabwere. Namwino wake, mayi Modesta a ku Dedza, ankangopukusa mutu, osamvetsa kuti thumba likutha bwanji msanga chotero. Keziya anatupanso. Zebedee ankagula ufa wa mgaiwa ndi malipiro ake, mwana n'kumadya phala, koma phala lokha silinamange kanthu. Khungu linayamba kusupuka m'miyendo, ndipo analeka ngakhale kulira.

Lamlungu lina atatuluka m'tchalitchi Zebedee anandiuza maganizo ake. Anati ngati dawa ija yamanga nyama pa nkhalamba ngati iye, ingalephere bwanji pa kamwana? Zoti amangidwa analibe nazonso ntchito. Tinapita padoko kukatenga chitini chija, ndipo ndinamuperekeza kunyumba.

Yunike anamvetsera nkhani yonse. Kenako anatsegula chitini, ananunkhiza, anatapa ndi chala n'kulawa. Anathira pang'ono m'madzi ozizira n'kuona mmene ukuundanirana.

"Awiske Keziya," anatero motsitsa, "uwu ni mkaka wa kuchipatala. Angothiramo tangawizi, jinja uja."

"Yayi, wadutsa pa Songwe."

"Ine ndausungunula miyezi itatu ndi manja angawa. Mwamwa zitini zingati?"

Zebedee anayang'ana mikono yake, anayang'ana mwana ali gone pamkeka, n'kutuluka panja. Ndinamumva akusanza kuseri kwa nyumba.

Pambuyo pake mayi Modesta anandiuza kuti lusiniyo alikodi, Manase sanachite kupeka. Ati amapezeka mu mkaka, mu nyemba, m'mazira ndi mu nsomba, ndipo amathandizadi minofu ngati munthu akugwira ntchito ndi kudya mokwanira. Ndiye taganizani: usipa umene Zebedee ankapereka kwa Manase unali ndi chinthu chomwecho. Munthu anamulanda mwana mkaka, n'kumulandanso nsomba, bambo wake akuthokoza. Kumeneko si kudyera masuku pamutu chabe, ndi ufiti wa masanasana.

Lolemba m'mawa tinamupeza Manase pakhomo pa chipinda chake cha katundu, makiyi ali m'manja, baji ya chipani ili pachifuwa. Ndinkaganiza kuti Zebedee amuthyola pakati, ndipo sindikanamugwira. Koma anangoika chitini pansi.

"Manase, mwana uja unamunyamula ndiwe pa ubatizo."

Manase anayang'ana uku ndi uku. Manyazi analibe ngakhale a m'diso limodzi.

"Sono ukufuna ukanene kwa ndani? Kuchipani? Kalata yake ndilemba ndine. Ndipo akakufunsa kuti mkaka wa boma uli kuti, uyankha chiyani?" Anatambasula dzanja n'kumufinya Zebedee pamkono, monga tinkachitira ife padoko. "Suwu uli apawu? Ine sindinamweko olo sipuni imodzi."

Mayi Modesta analemba lipoti lawo, ndipo mwezi usanathe anawasamutsira kutali. Manase anakhalabe ndi makiyi ake mpaka anapuma pa ntchito, ndipo kutchalitchi anafika pokhala mkulu wa mpingo. Ndikamuona akudutsa ndi mbale ya chopereka ndinkayang'ana kudenga, kuopa kuchimwa m'nyumba ya Mulungu.

Mkaka wotsala m'chitini Yunike anausefa n'kumamwetsa mwanayo pang'onopang'ono. Zebedee anasiya ganyu n'kumayenda m'midzi ya oweta ng'ombe kupempha mkaka, ndipo anthu ankamupatsa. Koma mimba ya Keziya inali itasiya kulandira chilichonse. Anamwalira pa tsiku lachisanu ndi chinayi, dzuwa lili paliwombo, ali m'manja mwa bambo wake.

Zebedee anabwerera padoko chifukwa kunalibe kwina kopita, ndipo anasenza matumba zaka zina zisanu ndi ziwiri. Kuimba anasiya. Dzina la Manase sanalitchulenso, ngakhale kwa ine. Inu mukudziwa mmene kumatenthera ku Chilumba mwezi wa Okutobala, pamene aliyense padoko amagwira ntchito chifuwa chili pamtunda. Zebedee ankavala malaya a manja aatali, omanga mabatani mpaka m'mikono, ndipo anthu achilendo ankamuyesa wodwala khungu. Yunike anandiuza kuti ngakhale m'nyumba sankawavula iye akuona.