Nsagwada ya mng'ono wanga ndi mawu a amalume

Mng'ono wanga anayamba ndi dzino logwedera. Analizula, tsaya osaphwa. Anazula lina, chimodzimodzi. Pofika nyengo ya mvula nsagwada ya kumanzere inali itatupa ngati wabisa ndimu m'kamwa, moti potuluka m'nyumba mwake ku Sadzi ankadzikulunga mpango mpaka pamphuno.

Kuchipatala anamujambula, n'kudula kanyama kukapima ku Blantyre. Zotsatira zitabwera, adokotala anati si khansa, sichifalikira m'thupi. Koma anati chotupa cha mtundu umenewu sichionekaoneka, ndipo chimadya fupa mwakachetechete ngati chiswe. Mankhwala ake n'kudula mbali ya nsagwadayo n'kuikapo fupa lochotsa pamwendo wake. Tikachedwa, adzalephera kudya.

Mwamuna wake anavomera pomwepo. Koma kwathu mkamwini salamula mpeni pathupi la mwana wa eni. Mawu ndi a amalume, mwini mbumba. Iwo anangotumiza uthenga: "Adokotala anena okha kuti si khansa. Ndiye mumudulirenji munthu nkhope? Tithokoze Mulungu basi." Mng'ono wangayo, kumvera kwake kuja, anati popanda mawu a amalume sapita.

Ine ndinapsa mtima, osanama ayi. Amalumewo chotupacho anali asanachione n'komwe. Akabwera kudzazonda, iye ankagwada patali, mpango uli kumaso, n'kumati, "Ndilipo bwino." Bwino wake uti?

Loweruka lina ndinamukweza matola mpaka kuphiri, kumene amalume amagulitsa mbatatesi ndi mapichesi m'mbali mwa msewu. Titapatsana moni, ndinalunjika.

"Amalume, sitinabwerere mkangano. Mupatseni mwana wanuyu pichesi limodzi adye, inu mukuona."

"Iwe, ukufuna kundichititsa manyazi pamsewu pano?"

"Manyazi anapha lambe, amalume."

Mpango ndinamasula ndekha. Pakamwa pake panangotseguka mpata wa chala chimodzi. Amalume atamupatsa, anayesa kuluma, pichesi n'kuterereka. Anayesanso, madzi ake osakanikirana ndi magazi n'kuyenderera pachibwano. Amalume ataona, anavundikira malonda awo ndi saka.

"Mwana wa mlongo wanga, unkandibisiranji?"

Tsiku la opaleshoni amalume anafika ku Blantyre atavala jekete yawo ya kutchalitchi. Adokotala atafotokozanso za fupa la pamwendo, amalume anawerama n'kupinda buluku mpaka m'bondo.

"Chotsani langa, adokotala. Ine ndayenda mokwanira."

Adokotala anawayankha mwaulemu kuti fupalo liyenera kukhala la mwini wake. Amalume anakhala pabenchi, madzi kukana, nthochi kukana, buluku lili chipindire, mpaka madzulo pamene namwino anatuluka n'kutiuza kuti chachoka chonse ndipo wodwala wadzuka.