Kumanda Savala Chipewa

Amuna anga anabadwa ndi khungu lachialubino. Pamene ndinkakwatiwa nawo ku Chiparamba, anzanga ankandiseka kuti ndapeza mzungu wopanda galimoto. Ine ndinkangoti zanu izo, bola amalima. Ndipo kulima ankalimadi, thonje ndi mtedza, kulowa m'munda kusanache n'kuweruka dzuwa lisanakwiye.

Amuna a kwathu nkhope amangoiwaza madzi, kupukuta ndi malaya, basi ulendo. Amuna anga ayi. M'mawa uliwonse ankasamba kumaso ndi madzi ofunda pang'ono ndi sopo wosanunkhira, n'kuumitsa ndi kathaulo kawokawo mosakhula. Kenako ankadzola mafuta oteteza ku dzuwa amene ankakatenga kuchipatala ku Chipata: pachipumi, pamphuno, m'masaya, pamilomo, makutu onse mpaka kuseri, n'kutsikira m'khosi. Pomaliza ankavala chipewa chawo chotambalala. Anatiuza kuchipatalako kuti kwa khungu ngati lawo dzuwa si la masewera, limapha.

Achimwene awo akamadutsa ankakuwa kuti, "Kodi mkwatibwi wathu sanamalizebe?" Iwo ankaseka nawo. Chimene chinkawadya mumtima chinali china. Maliro akagwa m'mudzi, adzukulu, amuna okumba manda aja, sankawaitana. Ankawasiya pansi pa mtengo pamodzi ndi nkhalamba. Ena ankanong'onezana kuti anthu ngati iwo safa, amangosowa, ndiye za manda angadziwepo chiyani? Zopusa! Ndinkapsa mtima kwambiri.

Ndiye tsiku lina kutagwa maliro, mkulu wa adzukulu anabwera yekha pakhomo kudzawauza kuti atenge khasu atsatire anzawo. Mukanawaona amuna anga! Ananyamuka ngati mwana amene amuitana kukakwera ngolo.

Koma kumanda savala chipewa. Mwamuna aliyense amavula akamalowa, ndipo savalanso mpaka dothi lomaliza litaponyedwa. Manda akale, amitengo aja, anadzaza. Atsopano ali pamtetete popanda ngakhale kachitsamba.

Ndinawagwira malaya. "Bambo, kapempheni akuloleni kuvala. Anthu amva."

"Mayi, lero lomwe andiwerengera kuti ndine munthu, ndiye ndikayambe n'kupempha? Mafuta ndadzola."

"Mafutawo thukuta likokolola!"

"Ndamva," anatero. Kumva kwake kuti?

Anabwerako ali psuu ngati phwetekere, makutu atatupa, koma akuimba. Patapita masiku khungu linasupuka, linanso n'kumera. Maliro ena atagwa anapitanso. Zinayenda choncho chilimwe ndi chilimwe, ine kulongolola, iwo kupachika chipewa pamtengo wa kunjira n'kulowa ndi mutu wopanda kanthu. Amuna anzawo anayamba kuwaitanira pa bawo, ngakhale milandu ya m'mudzi ankawafunsa maganizo. Ndikanawaletsa bwanji munthu atapeza anzake?

Chaka china, nthawi yokumba mtedza, pamwamba pa khutu lawo lamanzere panatuluka kankhanambo. Kankagwa n'kubweranso. M'mawa wina ndikusesa ndinawayang'ana akudzola, ndipo ndinaona chala chawo chikulambalala pamenepo. Pathaulo panali timadontho ta magazi.

"Ndi lumo la wometa uja," anatero ndisanafunse n'komwe.

Mvula yoyamba inagwa, bala lili pomwepo, likungokula, m'mphepete mwake mwalimba. Bala la lumo lanji losapola kuyambira kukolola mpaka kubzala? Mantha anandigwira, ndipo ndikapsa mtima ndi mantha pakamwa panga sipatsekeka. Ndinawakalipira amuna anga, ana akumva.

Apongozi anga, mayi awo, anali ndi yankho lawo. "Mwana wanga anaponda poipa kumanda kuja. Ichi n'cha kumanda, cha kuchipatala ayi." Anabweretsa mizu yoti asambe ndi phulusa lopaka. Ndinagwada bwinobwino monga mkamwana, ndinalandira ndi manja awiri, ndipo atangotembenuka ndinakataya kudzala. M'mawa mwake ndinawakweza amuna anga minibasi ya ku Chipata, akunyinyirika njira yonse.

Namwino amene ankawapatsa mafuta anali mayi wanthabwala, nthawi zonse ankawatcha bwana wa nkhope yosalala. Tsiku limenelo anangoyang'ana khutulo, nthabwala zii. Anatuluka n'kubwera ndi dokotala. Dokotala anawagwiragwira m'khosi ndi pansi pa chibwano nthawi yaitali.

Anati ndi khansa ya pakhungu, yobwera ndi dzuwa. Anadula mbali ya khutulo. Potitulutsa anandiuza ine, osati iwo, kuti ndikadzamva chotupa m'khosi kapena pansi pa chibwano tisadzadikire, chifukwa ndiye kuti matenda alowa m'kati.

Titabwerera kumudzi adzukulu anabwera kudzazonda. Mkulu wawo uja anayang'ana bandeji, n'kupukusa mutu. "Koma achimwene, mukanangonena. Akanakuletsani chipewa ndani?"

Mayo ine! Ndinalowa m'nyumba msangamsanga kuopa kumutukwana mlendo. Zaka zonsezo ankaona munthu akupsa pamaso pawo, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe woti, valani. Amuna anga anangoti, "Zikomo, mwabwera," mawu ali pansi.

Kuyambira pamenepo ntchito yodzola ndinailanda. Ankakhala pampando pakhonde, ine n'kuwasambitsa kumaso, kuwapukuta, kuwadzoza malo onse osasiya ndi pamodzi pomwe. Achimwene awo anasiya kukuwa akamadutsa. Bala linapola bwino, anabwerera kumunda, ndipo mtima wanga unayamba kukhala pansi.

M'mawa wina thonje litayamba kuphulika, ndikutsitsa mafuta kuchokera kukhutu lodulidwalo kupita m'khosi, chala changa chinagunda kanthu. Kanali kolimba, kakakulu ngati njere ya mtedza, kosasuntha. Ndinabwezanso chala. Kanali pomwepo.

Anandigwira dzanja osandiyang'ana.

"Ndinakamva kale, mayi. Ndimati tithyole kaye thonje."

Ndinafuna kukuwa, koma ana anali pabwalo akumanga mabuku a kusukulu. Ndinamaliza kuwadzoza mbali inayo, n'kulowa kukawatengera malaya a ulendo.