Wina akuvomera nyimbo ya bambo

Mwaswera bwanji nonse.

Lero ndinapita kwa woika nyimbo m'mafoni ku Lizulu ndi nyimbo ija anaimba bambo ali chigonere, yoti tikaike pa mwambo wa chiliza chawo Loweruka. Iye anati ya MP3 timatumizirana ija ndi yofinyidwa, timawu tapansipansi tinatayika. Ndiye tinatsegula yoyambirira ya WAV, yosatayako kanthu.

Abale, mu ija mumamveka bambo okha. Mu iyi, bambo akapuma, mzimayi wina akuvomera motsitsa, n'kumakoka Ameni ngati malemu amayi.

Pojambula tinalipo awiri basi, ine ndi bambo, chitseko chotseka. Woika nyimboyo atamva zimenezo, anandibwezera memori kadi yanga ya nyimboyo osandiyang'ana.

Ndiye tikaike iti, achimwene? Ya bambo okha, kapena ya onse awiri?