Maloboti a pa Geti la Fakitale

A Foster Namakhwa anagwira ntchito zaka khumi ndi zinayi m'fakitale ya tiyi pa esiteti ina ku Thyolo. Anayamba ndi tsache, kenako anawakweza kupita ku makina odula masamba. Anali munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, wosakonda zoyankhulayankhula. Akaweruka ankalunjika kumalayini, kunyumba ya zipinda ziwiri imene esiteti inawapatsa, kumene ankakhala ndi akazi awo a Teleza ndi mwana wawo wamkazi, Keziya.

Mu Febuluwale 2001, nyengo imene tiyi amachuluka mpaka makina kusowa mpumulo, masamba anathithikana pakamwa pa makina. A Foster anapisamo dzanja monga ankachitira nthawi zonse. Tsiku limenelo mano a makinawo anawapeza. Anatuluka m'chipatala patatha milungu isanu, dzanja lamanja litatsala ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala basi, nazonso zouma gwa.

Esiteti sinawachotse ntchito. Inawapatsa malaya a khaki ndi wenzulo, n'kuwaika pa geti la fakitale kuti azilondera masana. Msewu wochokera kuminda unkatsetsereka n'kukhota kuseri kwa mulu waukulu wa nkhuni za bulugama, moti woyendetsa thirakitala sankatha kuona amene akudutsa pagetipo. Lamulo linali lakuti woyendetsa aziliza hutala akadali pamtunda, mlonda atuluke m'kanyumba kake, aimbe wenzulo, aimitse oyenda pansi mpaka ngolo idutse. Ntchito yonse inali imeneyo. Pakati pa thirakitala ina ndi inzake, a Foster ankangokhala, kuyang'ana dzanja lawo.

Amene anaona kuti bambowo akufota anali a Sisita Ellen, namwino wa pakiliniki ya esiteti, ochokera ku Rumphi. Tsiku lina atatha kuwasisita zala, anatsegula kabati n'kutulutsa kachinthu kotuwa, kakukulu ngati theka la njerwa, kokhala ndi kagalasi ndi mabatani.

"Aka ndi kagemu. Achimwene anga anakabweretsa kuchokera ku Joni, koma mwana wanga anapita kusukulu yogonera komweko, kumeneko sakalola. Muzikadina tsiku lililonse. Zala zimenezi zikapanda kugwira ntchito zifa."

"Zidole za ana, a Sisita?"

"Ndi mankhwala. Tengani."

Anakatenga chifukwa cha ulemu. Kunyumba, Keziya, amene anali Sitandade 7, anawawerengera mawu achingerezi otuluka pagalasipo. Inali gemu ya maloboti omenyana. Munthu umasankha loboti yako, n'kumenyana ndi ina, imodziimodzi. Ukapambana, umaloledwa kuzula chiwalo chimodzi cha loboti yogonjayo, kaya mkono, kaya miyendo, kaya mutu, n'kulumikiza pa yako.

Apa m'pamene gemuyo inawagwira a Foster. Iwo anali munthu wa makina, ndipo anazindikira msanga kuti amene anaipanga ankadziwa makina. Ukaika mkono wolemera wa nyundo, loboti inkamenya zolimba koma inkachedwa kutembenuka. Ukaika miyendo yopepuka, inkathamanga koma kugwa ndi chibakera chimodzi. Panalibe chiwalo chabwino pa zonse. Ukamenya mosalekeza, injini inkatentha, loboti n'kuima duu, mdani n'kumakuswa mmene afunira. A Foster ankagwedeza mutu, amvekere: "Ndi zoona zimenezi. Makina sakakamizidwa."

Patatha miyezi iwiri chala chachikulu chinayamba kupindika. Anayambanso kumanga okha mabatani a malaya. Ankaseka nthawi ya chakudya, kumufotokozera Keziya mmene anagonjetsera loboti ya mutu ngati nkhanu. A Teleza anathokoza Mulungu.

Koma kagemuko kanali ndi zovuta zake, ndipo a Foster ankazitchula ngati akudandaula za mnzawo wapantchito. Kagalasi kake kanalibe kuwala kwakekwake. M'nyumba yakumalayini, ya kawindo kamodzi, sankaona kanthu, ndiye malo abwino osewerera anali pakhomo la kanyumba ka pageti, pamene dzuwa linkafika. Kankadya mabatire anayi pa masiku ochepa. A Foster anayamba kuzula a muwailesi, akatha n'kuwayanika padenga kuti atsitsimukeko. Ukakazimitsa kankaiwala zonse, pokhapokha utalemba zilembo khumi ndi ziwiri zimene kankaonetsa ukatha ndewu, ndipo ukalakwitsa chimodzi, ntchito ya mlungu wonse yapita. Nkhonya yamphamvu koposa inkafuna kudina mabatani awiri nthawi imodzi, zimene dzanja lawo silikanatha. Choipa kwambiri chinali chakuti ndewu ikayamba, panalibe batani loimitsira. Ukachotsa maso, loboti yako yaphwanyidwa.

"Abambo a Keziya," anatero a Teleza tsiku lina m'mawa, atapeza wailesi ili zii, "kachinthuka mukupita nako kuntchito?"

"Pageti palibe chochita."

"Ngati palibe chochita, anakuikanipo chifukwa chiyani?"

A Foster anatola kagemuko. Anakalowetsa m'thumba la malaya n'kutuluka.

Panali loboti ina yachisanu ndi chinayi, yayitali, ya mikono inayi, imene inawakanika milungu itatu. A Foster ankati imabera, chifukwa injini yake sinkatentha ngakhale imenye bwanji. Lachinayi lina mu Novembala, dzuwa lili paliwombo, anapeza nzeru yake: miyendo yopepuka, kuthawa, kumenya kamodzi, kuthawanso. Mphamvu za mdaniyo zinatsala pang'onong'ono.

Hutala inalira kumtunda.

Anaimva. Pambuyo pake sanayesepo kudzinamiza kuti sanaimve. Mumtima anati, nkhonya ziwiri zokha, thirakitala ikadali kutali. Anamenya imodzi. Yachiwiri inaphonya. Kenako anamva mabuleki, chitsulo kukhuluza miyala, ndi mfuu ya munthu wamkazi.

Atatuluka anapeza mayi wina ali pansi pafupi ndi tayala la ngolo, dengu lake litaphwanyika, mwendo wakumanzere utapindika pamene mwendo supindika. Anali a Marita, wothyola tiyi, mayi wamasiye wa ana atatu, amene ankadutsa kupita kukiliniki kukatenga mankhwala a mutu. Woyendetsa thirakitala, a Uledi, anadumpha pampando, manja ali kumutu. Anthu anakhamukira pamalopo kuchokera kufakitale. A Foster anapeza wenzulo ili pakamwa pawo, akuiimba, osadziwa kuti ayamba liti.

Ndi wenzulo imeneyo imene anthu anaimva. Pofika madzulo esiteti yonse inali itagwirizana kuti mlonda anaimba, koma a Uledi anatsika mothamanga osaliza hutala. A Uledi anaimitsidwa ntchito, ndipo mlandu unaikidwa Lolemba ku ofesi ya bwana wa fakitale. A Marita anatengedwa kupita kuchipatala cha boma asanathe kuyankhula.

Lachisanu a Foster anapita kuntchito osatenga kagemuko. Loweruka sanadye. Lamulungu masana, akazi awo ndi Keziya atapita kutchalitchi, anamva kugogoda. Anali a Uledi, atavala mkanjo woyera ndi kachisoti. Anakana mpando, anangonjuta pakhonde.

"Achimwene, sindinabwere kudzakangana. Ndikungofunsa. Hutala ija simunaimve?"

A Foster anayang'ana pansi.

"Chifukwa ine ndayamba kudzikayikira ndekha," anapitiriza a Uledi. "Zaka zisanu ndi zitatu ndikuliza pa mtengo umodzimodzi uja. Koma aliyense akuti sindinalize. Mwina mutu wanga wayamba kusokonekera. Ngati sindinalize, ndiuzeni, ndikavomere, ndikapepese kwa mayi aja."

"Ndamva, achimwene. Tikaonana mawa."

A Uledi anawayang'ana kanthawi, anadzuka, n'kumapita.

A Teleza atabwera, a Foster anawauza zonse, ali chiimire pakati pa nyumba. A Teleza anakhala pamkeka osamasula ngakhale duku.

"Mukanena zimenezi, nyumba ino atilanda," anatero. "Keziya alemba mayeso chaka chamawa."

"Ndikudziwa."

"Ndiye mukundiuziranji? Mukufuna ndikuletseni?"

"Kaya. Mwina."

"Sindikuletsani, komanso sindikutumani. Munadina nokha, mukayankhe nokha." Anatembenukira kukhoma n'kuyamba kulira mosatulutsa mawu.

Lolemba mu ofesi munali bwana wa fakitale, kapitawo wa alonda, kalaliki wolemba, ndi a Uledi pa benchi. Bwanayo anafunsa funso limodzi: "Namakhwa, hutala inalira kapena ayi?"

A Foster anapisa m'thumba ndi zala zawo ziwiri zija, n'kuika kagemuko patebulo.

"Inalira, bwana. Ine ndinali pa aka."

Bwanayo anakatembenuza uku ndi uku, osamvetsa. Kalaliki anayamba kuseka, kenako anasiya ataona kuti palibe womuthandiza. A Uledi anaphimba nkhope ndi manja. Kagemuko anakatsekera m'dirowa ngati umboni, ndipo a Foster sanakaonenso.

A Foster anawachotsa ntchito, n'kuwapatsa masiku khumi ndi anayi kuti achoke kumalayini. A Sisita Ellen anabwera banjalo likumanga katundu, maso ali ofiira, kudzanena kuti cholakwa chinali chawo. A Foster anakana. "Inu munandipatsa mankhwala, a Sisita. Womwa mopyola muyeso ndine." Amene anawanyamulira katundu mpaka kumsewu waukulu anali a Uledi, pa njinga yawo, maulendo anayi, osayankhula chilichonse chokhudza mlanduwo.

Banjalo linakakhala ku Khonjeni, kwawo kwa a Teleza, pa kamunda ka amayi awo. Khasu linkawapulumuka m'manja a Foster, mpaka anazolowera kulimanga kudzanja ndi chingwe cha mphira. Chaka chotsatira chinali cha njala, ndipo Keziya anabwereza Sitandade 8. A Teleza sanawanyoze pagulu ngakhale kamodzi, koma panatha pafupifupi chaka asanasekenso nthabwala yawo.

A Marita anachira, koma mwendo unafupika, moti sakanathanso kuyenda m'mizere ya tiyi ya m'mapiri dengu lili kumsana. Anabwerera kwawo ku Chimaliro. Mu 2003, chimanga chitacha, a Foster ananyamuka wapansi m'mamawa atasenza mkoko wa nthochi, kufunsa njira mpaka kupeza nyumbayo. Anawapeza a Marita atakhala pansi akusankha nandolo, ndodo ili pambali.

Anafotokoza kuti iwo ndani. A Marita anati akuwadziwa. A Foster anapepesa. Mayiyo anamvetsera mpaka kumapeto, manja osasiya nandolo.

"Ndinamva kuti munanena zoona," anatero. "Munachita bwino, munapulumutsa a dalaivala aja. Koma mwendo wanga ndi uwu."

"Ndikuona, mayi."

"Nthochizo ikani apo, ana adya. Zokhululuka musandifunse lero."

Anaitana mwana wawo wamkazi kuti apatse mlendo madzi akumwa. A Foster anamwa, anabweza chikho ndi manja awiri, n'kutsanzika. Dzuwa linali litapendeka kale, ndipo ku Khonjeni kunali kutali.